Kalembera wa M'chipinda Chozizira

Seva yatsopano inafika Lachiwiri,
amuna anayi akuikankha pangolo
kutsika nayo kuchipinda chapansi cha dipatimenti yathu ku Tartu.
Kunja chipale chofewa chitakwirira njinga mpaka m'mahandulo.
Pachikalata chogulira panalembedwa kuti mapulosesa 256.
Ndinawerenga kawiri, monga ndimachitira ndi malipiro.

Usiku womwewo ndinaikamo pulogalamu yathu,
ija imagawa masamu a mapuloteni
ku makompyuta omwazikana dziko lonse,
iliyonse kachigawo kake, ikamaliza ibweze yankho.
Ikadzuka imayamba yafunsa:
muli angati m'nyumba muno?
Inafunsa. Inadziyankha yokha:
ndapeza 64.

Ndinazimitsa, ndinayatsanso. 64.
Ndinasintha chingwe chosalakwa.
Ndinamwa khofi wozizira amene Tõnis anaiwala pazenera.
Ndinawaitana ndekha mmodzimmodzi kudzera khomo lina:
onse alipo, onse ngamoyo,
koma 192 angoti ndwii, manja m'thumba,
ngati aganyu pageti
amene kapitawo sanawatchule maina.

Ndinatsegula fayilo ya malamulo
n'kulembamo ndi dzanja langa: 256.
Pulogalamu inamvera mwaulemu wachinyengo.
Inabala ntchito 256
n'kuzithithikiza zonse pamsana pa omwe aja.
Mafani analira mbali imodzi.
Ndinaika chikhatho pachitsulo:
kumanzere moto,
kumanja zii.

Lachinayi, tambala asanaganize n'komwe zolira,
ndinaupeza mzerewo.
Waung'ono, woti chala chimodzi n'kuuphimba.
Pulogalamu imasunga antchito ake
m'nambala imodzi ya mabiti 64,
mpando umodzi, munthu mmodzi.
Wa nambala 65 alibe pokhala,
ndiye kwa iyo munthuyo kulibe.
Pamwamba pake kandemanga ka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo:
"Izi zikwanira. E.K."

E.K. ndimamudziwa.
Endel Kuusksalu, anapuma ntchito kalekale,
amaweta njuchi kuseri kwa mapiri a Otepää.
Ndinadikira kuti kuche.
Foni inaitana, inaitana.
"Ülle? Wati angati?"
Ndinabwereza.
Anaseka mpaka chifuwa chinamutsamwitsa.
"Tsiku limene ndinkalemba zimenezo ndinali ndi awiri.
Awiri, mwanawe!
Ndinadziona wowolowa manja
kuyala mipando 62 ya alendo oti sadzabwera."
Kenako phee.
Ndinamva ketulo ikuwira kwawoko.
"Njuchi zanganso zili choncho nyengo ino,
mng'oma wonse mbee,
izo zaunjikana pakona imodzi kufuna kufunda.
Usandikwiyire."

Sindinakwiye.
Kukonza kwenikweni kudya miyezi,
pakuti mzerewo ukausuntha
ina makumi anayi yotsamira pa iwo igwa chagada.
Pakadali pano ndainamiza pulogalamuyo.
Ndadzutsa makope anayi,
lililonse ndalimangirira ku gulu lake,
lililonse likuyesa nyumba yonse ndi yake,
likuwerenga 64 n'kukhutira.
Sadziwana.
Amangomva kutentha kwa mnzawo kudutsa khoma.

Tsopano chitsulo chafunda mbali zonse,
mayankho akutuluka mondondozana,
bilu ya magetsi idzalankhula yokha kutha kwa mwezi.
Tõnis, kukamwa kuli buledi,
akuti tingoika malire atsopano, 1024,
amenewo ndiye akwaniradi.

Ndalemba nambalayo.
Ndafufuta.
Ndalembanso, pakuti ntchito sidikira nzeru.

Koma pali mtsikana wina, mwina sanabadwe,
adzatsika masitepe omwewa pakati pa usiku,
juzi yake itanyowa m'mapewa,
adzagwira chitsulo, adzamva zii mbali imodzi,
adzafufuza masiku awiri, adzandipeza.

Choncho pamwamba pa mzerewo ndamusiyira mawu:
"Izi sizidzakwanira.
Nambala yanga ili m'munsimu.
Udikire kuche. Ü.P."